Ndani akudziwa ejenti wa inshuwalansi ya mbava za pa intaneti kuno ku Lilongwe?

NaPhiri, Old Town:
Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilemba motalika, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Kwa amene simundidziwa, ndili ndi kashopu kosindikiza mabuku a malisiti, makalendala, zikwangwani ndi malaya a misonkhano kuno ku Old Town. Tilipo asanu ndi mmodzi pamodzi ndi ine. Mwezi wa Marichi tinagwirira bungwe lina ntchito ya K4,350,000, ndipo ndinatumiza invoisi pa imelo monga timachitira masiku onse. Patatha masabata atatu ndalama zisanalowe, ndinaimba foni. Akauntanti wawo anadabwa, akuti analipira kalekale, mpaka ananditumizira umboni. Kuyang'ana pepalalo, dzina la shopu ndi langa, chidindo ndi changa, kusaina ndi kwanga, koma nambala ya akaunti ndi ya munthu wina ku banki ina. Kunapezeka kuti winawake analowa mu imelo yathu n'kutumiza invoisi yachiwiri, pamodzi ndi kakalata kaulemu konena kuti tasintha banki. Mapepala ndi inki ndinatenga pa ngongole, ndipo mwini wake akundiimbira m'mawa uliwonse.

Ndinapita kwa ejenti amene amandigulitsa inshuwalansi ya galimoto ndi ya moto. Akuti makompyuta athu alidi pa inshuwalansi, koma ndi ya akabedwa kapena kupsa. Poti kompyuta ili pa tebulo yabwinobwino, palibe chimene angachite. Nditafunsa za cyber insurance anati akafunsa ku ofesi. Lero ndi sabata yachiwiri, kuli zii. Ndiye ndikufunsa abale anga: alipo amene anagulapo inshuwalansi imeneyi kuno kwathu? Munaipeza kudzera mwa ndani? Ndikufuna munthu woti ndikhale naye pansi maso ndi maso, osati wongonditumizira fomu.

Mayi a Chikondi, admin:
Ayi pepani kwambiri asisi, ndalama imeneyo si yochepa. Ku polisi mwapita?

NaPhiri, Old Town:
Ndinapita ku Fiscal tsiku lomwelo, lipoti ndili nalo. A bungwe lija nawo analembera banki yawo. Koma akaunti ya mbavayo anaipeza itapukutidwa kale, ndalama zinatuluka m'masiku awiri, zina pa ATM, zina kupita m'mafoni osiyanasiyana.

Yamikani wa makompyuta:
Amayi, tisanafike ku inshuwalansi ndikufunseni kaye. Imeloyo mwaichita chiyani kuchokera tsiku limenelo?

NaPhiri, Old Town:
Ndinasintha pasiwedi mwana wanga.

Yamikani wa makompyuta:
Zokhazo sizikwanira. Lowani mu settings muone pamene palembedwa filters ndi forwarding. Mbavazi zikalowa zimasiya lamulo loti kalata iliyonse yokhala ndi mawu oti invoice kapena payment izipitanso kwa izo, ndipo yankho la kasitomala lizibisika kuti inu musalione. N'chifukwa chake mwina a bungwe lija anayankha kuti talandira akaunti yatsopano, inu osaona kanthu. Mutha kusintha pasiwedi kakhumi, lamulolo likadalipo akuwerengabe makalata anu. Musafufute chilichonse musanajambule, chifukwa ndi umboni wa apolisi. Mukatero tulutsani mafoni ndi makompyuta onse amene analowapo, ndipo muyatse 2-step verification kuti polowa izifuna nambala yochokera pa foni yanu. Imeloyo mumalowamo anthu angati?

NaPhiri, Old Town:
Tonse. Pasiwedi inali yolembedwa pa kapepala pansi pa kiyibodi kuti aliyense azitha kulandira ntchito za makasitomala. Ndaona pompano, lamulo lija lilipodi, likutumiza ku adiresi imene sindikuidziwa. Thupi langa lazizira.

Bambo a Tadala, hardware ku Limbe:
Mayi, ine ndine wamkulu pang'ono, ndiloleni ndinene zimene ena sanena. Anthu a inshuwalansi potenga ndalama amakhala okoma ngati uchi, koma tsiku la tsoka amakutulutsira tsamba limene sunaliwerengepo. Ine madzi analowa m'shopu nthawi ya Freddy mu 2023, simenti matumba osawerengeka inauma ngati miyala. Ndinayenda miyezi isanu, mapeto ake anandipatsa zosakwana theka, akuti katundu ndinamulembetsa pa mtengo wakale. Ngati anavuta pa simenti imene anaigwira ndi manja, nanga pa chinthu chosaoneka ngati imelo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama ya premium, imene mukanalipira kampani ya inshuwalansi, muziika padera mwezi ndi mwezi, ndipo kasitomala aliyense muzimuimbira foni musanatumize invoisi. Basi.

A Mbewe, wopuma ntchito:
Moni nonse. Ndagwira ntchito ya inshuwalansi zaka zoposa 20 ku Blantyre ndisanapume, ndiye ndiyankhe pang'onopang'ono. Bambo a Tadala, zimene zinakuchitikiranizo zimatchedwa average. Katundu wa K20 miliyoni mukamulembetsa pa K10 miliyoni, kampani imakuwerengani kuti theka la tsoka munalisenza nokha. Zimapweteka, ndipo cholakwa chachikulu chimakhala cha amene anakugulitsani osakufotokozerani. Apa ndi pamene pali yankho la NaPhiri.

Mayi, pali anthu a mitundu iwiri amene ife timangowatcha onse ma ejenti. Ejenti weniweni ndi mwana wa m'nyumba ya kampani, amagulitsa zimene kampani yakeyo yaphika. Ngati kwawoko kulibe cyber, kapena iye sanaigulitsepo, adzangoti ndikufunsirani mpaka mudzatopa. Si kuipa mtima, wazolowera galimoto ndi moto. Wina ndi broker. Ameneyu amaimira inu, amayenda m'makampani angapo kukufunirani mtengo ndi mawu abwino, ndipo tsiku la claim, pamene mukupempha kampani kuti ikulipireni tsoka litachitika, amayenera kukhala kumbali yanu. Nthawi zambiri simumulipira padera, amalandira komishoni kuchokera mu premium yomweyo. Pa chinthu chachilendo ngati ichi, funani broker.

Onse awiri amayenera kukhala ndi laisensi yochokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Musachite manyazi kupempha kuti muione, ndipo muonetsetse kuti sinathe ntchito. Mukakayika, funsani ku Reserve Bank komweko ku City Centre, si patali ndi inu. Njira ina ndi kuimbira makampani a inshuwalansi ya katundu mwachindunji, monga NICO General, General Alliance, Britam, Reunion, Prime, CIC kapena UGI, n'kupempha kulankhula ndi a underwriting, amene amaunika tsoka ndi kuika mtengo, osati a pa kauntala. Mufunse mafunso awiri: kodi mumalemba cyber ya mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo ndi ma broker ati amene amakubweretserani ntchito zotere? Dzina likatuluka kawiri kuchokera m'makampani osiyana, yambirani pamenepo. Ma broker akuluakulu ngati Minet aliponso kuno, ndipo ang'onoang'ono ndi ambiri.

NaPhiri, Old Town:
Zikomo kwambiri bambo, zimenezi palibe anandiuzapo. Koma ndifunse mosabisa. Ndikagula panopa, ndalama zanga zija angandibwezereko?

A Mbewe, wopuma ntchito:
Ayi mayi, ngakhale tambala. Inshuwalansi sagulira nyumba imene yapsa kale. Ndipo pa fomu padzakhala funso loti kodi munaberedwapo kapena kulowerera m'makompyuta m'zaka zapitazi. Mudzalembe zoona zonse, tsiku, ndalama, lipoti la polisi, ndi zimene mwakonza kuchokera pamenepo. Ndaona anthu akubisa poganiza kuti premium itsika. Tsiku la claim kumabwera katswiri wofufuza makompyuta, amapeza mapazi akale onse, ndipo kampani imathetsa pangano lonse ngati kuti silinakhalepo. Mwalipira chaka chathunthu pachabe.

Wa mankhwala ku Mzuzu:
Ine nkhaniyi yandigwira pena. Ndili ndi famase ndi kachipatala kakang'ono, ndipo mu kompyuta muli maina a odwala, manambala a foni, matenda awo, mankhwala amene amamwa mwezi ndi mwezi. Ena amabwera kwa ine dala chifukwa safuna kuonedwa pa mzere ku chipatala chachikulu. Ndalama zitabedwa ndingalire n'kuyambanso. Koma maina amenewo atapezeka pa WhatsApp, mu Mzuzu muno mmene timadziwiranamu, mabanja angathe, ndipo ine sindingayendenso mu tauni. Kodi inshuwalansiyi imafika pamenepo?

Yamikani wa makompyuta:
Ndipo panopa pali lamulo, Data Protection Act ya 2024, ndipo amene akuliyang'anira ndi MACRA. Zambiri za anthu zikatuluka kapena kubedwa mumayenera kuwadziwitsa a MACRA pasanathe maola 72 kuchokera pamene mwadziwa. Za umoyo wa munthu lamuloli limazitenga ngati zofunika kusamala mwapadera. Ambiri a ife timaganiza kuti ndi za mabanki ndi makampani a foni okha, koma aliyense wosunga zambiri za anthu likumukhudza. Ku MACRA komweko kulinso gulu la CERT limene limalandira malipoti a kuthyoledwa kwa makompyuta, linabwera ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.

A Mbewe, wopuma ntchito:
A ku Mzuzu, imafika, ndipo vuto lanu ndi limene inshuwalansiyi inapangidwira poyambirira. Pangano la cyber lili ndi mbali ziwiri. Ina ndi ya zimene mwataya inu: kulipira katswiri wofufuza, kubwezeretsa mafayilo, phindu limene lakudutsani masiku amene shopu inaima, kudziwitsa anthu okhudzidwa. Inayo ndi ya zimene ena akukuimbani mlandu: wodwala akakusumirani kuti chinsinsi chake chaululika, imalipira loya ndi chipukuta misozi mpaka pa malire amene munagwirizana.

Koma tamverani bwino apa NaPhiri, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Tsoka lanu ndi la a ku Mzuzu si limodzi, ngakhale onse alowa pa khomo limodzi la imelo. Kubedwa kwa ndalama mwachinyengo, kumene m'mapangano amakutcha social engineering kapena funds transfer fraud, nthawi zambiri sikukhala mu pangano wamba. Amakuwonjezera padera, ndipo amakuikira malire aang'ono. Mutha kukhala ndi pepala lolembedwa K50 miliyoni pamwamba, koma gawo la chinyengo ndi K5 miliyoni yokha. Pamwamba pa apo, mawu ambiri amanena za pamene inu kapena wantchito wanu mwanyengedwa n'kutumiza ndalama kolakwika. Kwa inu sizinali choncho. Amene ananyengedwa ndi kasitomala, ndalama sizinafike n'komwe mu akaunti yanu. Gawo limene limakhudza zimenezi amalitcha invoice manipulation. Broker amene mudzakhale naye pansi mumufotokozere nkhani yanu monga mwatifotokozera ife, kenako mumuuze kuti akuonetseni ndi chala mzere umene ukanakulipirani. Akayamba kuzungulira, kapena akati musadandaule zonse zilimo, nyamukani.

Nambala yatsopano:
Moni mabwana ndi madona. Ine ndine agent wa cyber insurance, tikuthandiza ma SME onse m'Malawi muno. K85,000 yokha pa chaka, cover mpaka K100 miliyoni, palibe mafomu ovuta. Tumizani pa foni, certificate mulandira lero lomwe. Mayi a ku Old Town bwerani ku inbox, ngakhale nkhani yanu yakaleyo tikhoza kuikonza.

Mayi a Chikondi, admin:
Bambo, mwalowa pa gulu dzulo ndipo simunadzidziwitse. Tiuzeni pano poyera dzina la kampani imene mukuimira, komwe kuli ofesi yanu, ndipo mutumize chithunzi cha laisensi yanu.

Mayi a Chikondi, admin:
Padutsa maola atatu osayankha, koma ndamva kuti walembera anthu anayi ku inbox. Ndamuchotsa. Chonde aliyense asatumize ndalama. Amene anamulowetsa pa gulu andiimbire.

Bambo a Tadala, hardware ku Limbe:
Mwaona? Munthu akulira maliro, wina wabwera kudzaba nkhuni za pa siwa.

A Mbewe, wopuma ntchito:
Admin mwachita bwino. Mawu ake okha amuulula. Palibe kampani imene ingalembe cyber popanda fomu, chifukwa fomuyo ndi imene imawauza kuti akusenza katundu wolemera bwanji. Ndipo wolonjeza kukonza tsoka lakale akukuitanirani ku mlandu wa chinyengo. Premium muzilipira mu akaunti ya banki ya kampani ya inshuwalansi kapena ya kampani ya broker, osati pa nambala ya foni ya munthu. Mulandire lisiti, kenako pangano lenileni lokhala ndi nambala yake, ndipo muimbe ku kampani kutsimikiza kuti nambalayo ilipodi m'mabuku awo.

NaBanda ku Leeds:
Moni akwathu. Ine ndinali nditangoyamba ntchito kuno mu Meyi 2017 pamene vairasi ya WannaCry inagwira makompyuta a zipatala za boma za NHS, odwala ena anabwezedwa, maopaleshoni kuimitsidwa. Kuchokera nthawi imeneyo anthu kuno anasiya kuziona ngati nkhani ya m'mafilimu. Amuna anga ali ndi kakampani koyeretsa maofesi, ndipo inshuwalansiyi anaigula pa intaneti m'mphindi zochepa. Chimene chinatithandiza kwambiri si ndalama ayi, ndi nambala ya foni imene inabwera ndi panganolo. Usiku wina laputopu inayamba zachilendo, tinaimba, munthu anatiyankha nthawi yomweyo n'kutiuza zochita. Asisi NaPhiri, mufunse ngati yanuyo ili ndi nambala yotero.

A Mbewe, wopuma ntchito:
Funso labwino, koma kuno liwonjezedwe. Msika wathu ndi waung'ono, ndiye kampani ya kuno ikalemba cyber kawirikawiri gawo lalikulu la tsokalo imalipereka kwa makampani akunja a reinsurance, amene amapereka inshuwalansi kwa makampani a inshuwalansi. N'chifukwa chake kotesheni imachedwa, fomu imaoneka ngati inalembedwera banki, ndipo pamakhala premium yochepetsetsa imene satsika nayo ngakhale shopu ikhale ya makompyuta atatu. Nambala ya chithandizo ija imatha kukhala ya ku Johannesburg kapena London. Ndiye mufunse kuti: Loweruka madzulo makompyuta atatsekedwa, ndani adzafike ku Old Town? Kodi ndikhoza kuitana mnyamata wanga wa makompyuta ndipo mudzamulipira, kapena ndiyenera kudikira chilolezo chanu? Mapangano ambiri salipira chilichonse chimene mwawononga musanawauze.

Mufunsenso za ndalama imene malire alembedwera. Akatswiri akunja amalipiritsa m'madola kapena m'marandi. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi malire a m'makwacha anadzuka ali ndi chitetezo chochepa kwambiri pa chilichonse chogulidwa kunja, ndipo ndi matenda omwewo amene anagwira simenti ya bambo a Tadala.

Wa clearing ku Mwanza:
Ine langa ndi lina. Mu Julayi 2021 pamene anathyola makompyuta a Transnet, kampani yoyendetsa madoko ku South Africa, madokowo anaima, Durban yomwe, ndipo makontena a makasitomala anga anakhala pamenepo masiku ambiri. Anga makompyuta analibe vuto, koma ntchito inaima. Zoterezi amalipira?

A Mbewe, wopuma ntchito:
Musayembekezere. Mapangano ena amafika pa kampani imene imakusungirani mafayilo kapena imelo ikathyoledwa, koma doko ayi. Chimodzimodzi magetsi akathima kapena intaneti ikaduka dziko lonse, zimenezo amazichotsamo.

Bambo a Tadala, hardware ku Limbe:
Ndiye mukundivomereza a Mbewe. Ichi chachotsedwa, icho chili ndi malire, chinacho mpaka chilolezo. Chatsala n'chiyani? Boma lenilenilo linalephera. Mu Febuluwale 2024 a Chakwera anauza nyumba ya malamulo kuti makompyuta a mapasipoti athyoledwa ndipo mbava zikufuna dipo, anthu anakhala masabata ambiri osalandira mapasipoti. Ku Zambia nako banki yawo yaikulu inagwidwa mu 2022. Ngati njovu zikugwa, kashopu ka anthu asanu ndi mmodzi kapulumuka ndi pepala?

Yamikani wa makompyuta:
Madala, ine ndikuona mosiyana. Boma ndi Bank of Zambia onse anakana kulipira dipo, ndipo anatha kupirira chifukwa ali ndi thumba lakuya ndi anthu okonza. Shopu ya amayiwa ikaima masabata atatu nthawi ya makalendala, yatsekeratu. Wamng'ono ndi amene alibe pogwira. Koma pena ndikugwirizana nanu: pepala lokha silitchinga. Ndathandizapo kasitomala kudzaza fomu ya cyber, ndipo mafunso ake anali omwewa. Kodi aliyense ali ndi pasiwedi yake? Kodi pali 2-step pa imelo? Kodi mumasunga mafayilo pena padera, ndipo munayesapo kuwabwezeretsa? Kodi Windows ndi mapulogalamu anu ndi ogula? Apa m'mashopu osindikiza ambiri mumagwa, chifukwa CorelDRAW ndi Photoshop zimakhala zothyola zochokera pa flash ya mnzanu, ndipo mavairasi ambiri amalowera momwemo. Ndiponso hard drive ya backup imene imakhala yolumikizidwa ku kompyuta usana ndi usiku si backup, ransomware, vairasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo, ikabwera imatseka zonse pamodzi. Muziichotsa mukamaliza, muzipita nayo kunyumba. Mukayankha eya pa fomu pomwe zoona ndi ayi, ndiye tsamba lija mukunenali adzakutulutsiranidi.

Wa mankhwala ku Mzuzu:
Nanga wantchito wako yemwe akakhala kuti ndiye wapereka pasiwedi kwa mbava, kapena waba yekha?

A Mbewe, wopuma ntchito:
Wantchito akaba ndalama, imeneyo ndi fidelity guarantee, inshuwalansi yakale imene makampani athu amaidziwa bwino. Broker wabwino adzayala zonse pa tebulo, ya moto, ya makina, ya ndalama, ya fidelity ndi ya cyber, n'kuona pamene pali mpata pakati pake. Bambo a Tadala, sindikukana kuti kuimba foni ndi mankhwala amphamvu. Ndipotu mapangano ambiri amaika zimenezo ngati lamulo: akaunti ikasintha, muimbe pa nambala yakale imene mukuidziwa musanalipire, apo ayi salipira. Koma thumba losunga nokha limathandiza likadzaza. Tsoka likabwera mwezi wachitatu muli ndi K150,000, loya yekha satheka. Pali mabizinesi amene ndingawauze kuti musagule, konzani kaye pakhomo. Wogulitsa pa kauntala ndi ndalama pamanja ngati inu mwina simukuifuna. Wotumiza ma invoisi a mamiliyoni pa imelo, kapena wosunga matenda a anthu, aganizire mofatsa.

Mayi a Chikondi, admin:
Nanga za ndalama zakalezo asisi, a bungwe akuti bwanji? Chifukwa kwa ine, iwonso analakwa kulipira ku akaunti yatsopano osaimba foni.

NaPhiri, Old Town:
Iwo akuti kalatayo inachokera mu imelo yanga yeniyeni, ndiye vuto ndi langa. Ine ndikuti m'mabuku awo muli akaunti yanga ya zaka zinayi, ndipo nambala yanga ali nayo. Sindikufuna kukangana nawo kwambiri chifukwa ndi kasitomala wamkulu. Ndapangana ndi loya Lachinayi. Zikomo nonse, ndiyamba kuimba mafoni mawa, ndidzakuuzani.

NaPhiri, Old Town:
Abale, ndabweranso patatha masabata atatu monga ndinalonjezera. Ndinaimba makampani asanu. Awiri anati za cyber amachita ndi makampani akuluakulu okha, amodzi sanandibwererenso, awiri anandipatsa maina a ma broker. Ndinakumana ndi atatu. Woyamba ananditumizira kabuku kokongola pa imelo, nditafunsa za mzere uja a Mbewe ananena, anati zonse zilimo. Wachiwiri anali waulemu ndipo ananena chilungamo kuti sanagulitsepo, koma akhoza kuphunzira ndi ine. Wachitatu ndi mayi, anabwera yekha ku shopu, laisensi anaionetsa ndisanafunse, ndipo anakhala maola awiri pa mpando wa makasitomala pakati pa phokoso la makina. Anafunsa amene amatsegula imelo, anaona pamene timasunga hard drive, anawerenga invoisi yabodza ija mzere ndi mzere. Kenako anandiuza kuti fomu tisadzaze lero, chifukwa mayankho anga oona akanachititsa kuti andikane. Anandipatsa masiku khumi oti ndikonze. Yamikani anabwera, aliyense tsopano ali ndi imelo yake, 2-step ili ponseponse, ndipo ndagula laisensi ya pulogalamu imodzi, inayo taichotsa. Pa invoisi iliyonse tasindikiza ndi zilembo zofiira kuti akaunti yathu sisintha, mukalandira uthenga wina imbani nambala iyi.

Kotesheni yafika dzulo. Premium ikufanana ndi lendi ya shopu ya miyezi iwiri, excess, gawo limene ndiyenera kusenza ndekha kampani isanalipire, ndi K500,000 pa claim iliyonse, ndipo phindu lotayika amayamba kuwerenga pakadutsa maola 12. Koma bambo Mbewe munanena zoona, mayiyo anandionetsa yekha kuti gawo la chinyengo likunena za ife tikalipira kolakwika, osati kasitomala. Walembera kampani kupempha kuti awonjezere invoice manipulation, akuti yankho lichokera kunja ndiye tidikire. Ndamuuza kuti popanda gawo limenelo sindisaina.

Za bungwe lija, loya atalemba kalata tinakhala pansi, ndipo avomera kulipira theka. Theka linalo ndataya. Wa mapepala ndamulipirako, wasiya kuimba m'mawa.

Bambo a Tadala, hardware ku Limbe:
Lendi ya miyezi iwiri ndi yambiri mayi, ine sindingatulutse. Koma mayi amene anakuletsani kudzaza fomu tsiku loyambayo, nambala yake munditumizire ku inbox. Ndikufuna adzaone mapepala anga a moto ndi madzi mvula isanayambe.

Wa mankhwala ku Mzuzu:
Nanenso chonde. Mumufunse ngati amafika kuno kumpoto, transport ndilipira.

A Mbewe, wopuma ntchito:
Mwayenda bwino mayi. Musanasaine muonenso zinthu ziwiri. Pali deti lotchedwa retroactive date, ndipo tsoka limene linayamba detilo lisanafike salipira. Mbava zimatha kukhala mu imelo miyezi zisanabe, ndiye ngati detilo ndi tsiku losainira, chilichonse chimene chinayamba kale adzachikana. Kwa inu adzafuna kuchotsa nkhani ya Marichi, zimenezo n'zomveka, koma mawu ake anene nkhani imeneyo yokha, asakhale otambalala oti chilichonse chokhudza imelo. Chachiwiri, muone masiku amene akukupatsani kuti muwadziwitse tsoka likachitika, ndipo muwauze antchito anu onse, chifukwa tsikulo mwina inu mudzakhala muli ku maliro kumudzi.

NaPhiri, Old Town:
Za detilo ndaziona pa tsamba 2, alemba tsiku loyambira pangano. Zochotsa nkhani ya Marichi zili pa tsamba 11 koma Chingerezi chake chandikulira. Ndingakutumizireni bambo?

A Mbewe, wopuma ntchito:
Tumizani, mujambule tsamba lonse ndi lotsatira lake, koma mubise nambala ya kotesheni ndi dzina la shopu. Ndiwerenga ndikabwera ku tchalitchi, ndipo mafunso amene ndipeze mukawafunse mayi aja pa imelo kuti mayankho awo akhale olembedwa.